Kumene Kalisito Anayambira Ulendo

Panali munthu wina wokhoma zidebe, dzina lake Kalisito, koma anthu ankamuitana kuti a Chisale. Ankakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wake, m'mudzi wa Kambalame. Kutchalitchi sankajomba. Poimba, mawu ake ankamveka mpaka kuchigayo. Mowa sankamwa, mkazi sankamenya, ndipo aliyense ankati uyu ndiye mkhristu. Koma munthuyu anali ndi khomo limodzi lomwe sankapondapo.

Khomolo linali la mlongo wake, Nachisale, wamkulu kwa iye. Nkhani yake inali iyi. Mayi awo atamwalira, Kalisito anali kumsika wakutali ndi zidebe zake. Uthenga unamupeza mochedwa, ndipo anafika pamaliro adzukulu atamaliza kale kukumba manda. Mlongo wakeyo, kaya ndi chisoni kaya ndi dala, anauza amayi ophika kuti, "Awo apatseni chakudya pamodzi ndi alendo." Ananena mokweza, anthu anamva. Kalisito anadya pansi pa mtengo, pakati pa anthu osawadziwa, pamaliro a mayi ake omubala. Atachoka kumanda anatenga njinga yake n'kumapita. Ngakhale tsiku lometa sanabwere.

Atafika kunyumba anauza mkazi wake, Nagama, kuti, "Dzina limenelo lisatchulidwe m'nyumba muno. Wobwera ndi nkhani za kumeneko azibwerera pampanda." Ndipo zinaterodi. Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa. Midzi iwiriyi inali yotalikirana ulendo wa maola atatu basi, koma kwa Kalisito kunali ngati kutsidya kwa dziko.

Chaka china mpingo unalengeza ulendo wapansi wopita kuphiri la Ndondwe, kumene kuli mtanda waukulu wachitsulo. Akomiti, aja okhala mabenchi akutsogolo, anaika malo atatu oyambira. Oyamba anali m'tsinde mwa phirilo, ulendo wa m'mawa umodzi. Amenewa anati ndi a okalamba ndi odwala, koma tonse tikudziwa kuti odzaza pamenepo ndi eni magalimoto. Achiwiri anali pakhomo pako penipeni, kuchokera kumidzi kuno masiku anayi. Achitatu anali kumishoni yakale yakuchigwa, mbali ina ya phiri, masiku asanu ndi anayi, a anthu olimba. Ananenanso kuti amene wayenda mtunda wautali kuposa onse ndiye adzanyamule mtanda wamtengo patsogolo pa gulu pokwera phiri, ambuye episikopi ali pambuyo pake.

Kalisito anamva zonsezi ali pabenchi, mtima wake uli pa chinthu china. Njira yochokera ku Kambalame imawoloka mtsinje wa Nkhande, ndipo mlatho ndi umodzi wokha, wa mitengo. Ukangotsika pamlathopo, nyumba yoyamba ndi ya Nachisale. Njira imadutsa pakati pa khonde lake ndi nkhokwe yake. Polambalala palibe, uku thanthwe, uku dambo. Ndipo aulendo onse amaima pamenepo kupempha madzi akumwa.

Misa itatha anapita kwa mlembi. "Ndilembeni kuchigwa."

"Kuchigwa, a Chisale? Ndi bondo lanu lija?"

"Machimo anga ndi ambiri. Masiku anayi sakwana."

Anthu omva anagwedeza mitu. Amayi ena mpaka anati, "Akanakhala atatu amuna otere, mpingo uno bwenzi uli patali."

Koma mkazi wake ankamudziwa. Akumupindira bulangete anati, "Bambo a Sitela, bwanji osangoyambira pano ngati anzanu? Masiku anayi si ulendo?"

"Masiku anayi ndi ulendo wokagula mchere."

"Kapena ndi mlatho uja?"

Kalisito anawerama n'kuyamba kumanga nsapato, koma Nagama anapitiriza.

"Chifukwatu kunabwera munthu kuchokera kumeneko, inu muli kumsika. Amati..."

"Ndinati chiyani za nkhani zimenezo?"

Nagama anangomanga bulangete lija ndi luzi.

Ndiye munthu wopita ku ulendo wapansi uja anayamba ndi kukwera lole. Anakhala pamwamba pa matumba a feteleza tsiku lonse, kudzera msewu wa tala womwe umazungulira kutali ndi mtsinje wa Nkhande. Anatsikira kuchigwa, kotentha, kwa anthu omwe sankamudziwa ndipo iye sankawadziwa. Kumishoni anapeza anzake asanu. Lachisanu m'mawa bambo mfumu anawawaza madzi odalitsidwa, iwo n'kuuyamba. Lamulo linali lakuti osanyamula kamba. Bulangete, korona wopempherera ndi botolo la madzi, basi. Chakudya ndi pogona azipeza kwa akhristu a m'midzi ya m'njira.

Tsono inu mukudziwa kuti kwathu kuno mlendo safikira kudya. Amamuyalira mphasa, amamupatsa madzi, kenako eni khomo amakhala pansi n'kuomba m'manja kuti apereke malonje. Wadzuka kuti, wasiya kwawo kuli bwanji, njira yamutenga bwanji. Malonje amayambira kumene wachokera. Sungayambe ndi pakati.

Kalisito malonje ankawakonda. Dzuwa likapendeka, iwo atafika m'mudzi, ankatambasula miyendo pamphasa kuti aliyense aone matuza. Ankafotokoza za kutentha kwa kuchigwa, za minga, za chikhadabo cha chala chachikulu chomwe chinazuka tsiku lachitatu. Zimenezi ankazikoka. Koma gawo loyamba lija ankalidumpha msangamsanga ngati munthu woponda phulusa lamoto: "Kwathu ndasiya onse ali bwino, kaya m'mbuyo muno." Eni khomo ankaomba m'manja, "Zikomo, zikomo," nkhani n'kupita pa matuza.

Tsiku loyamba anatero. Lachiwiri anatero. Lachitatu ndi lachinayi chimodzimodzi, ndipo palibe anamufunsa kanthu, pakuti kumeneko kunalibe womudziwa. Mtima wake unali mbee. Ankadziona kale ali patsogolo pa gulu, mtanda paphewa, akomiti ndi mataye awo ali m'fumbi lake.

Tsiku lachisanu anafika pamudzi wina pamwamba pa chitunda. Mwini khomo lomwe anawalozera anatuluka akupukuta m'manja, bambo wadazi, wamfupi. Anayang'ana alendowo mmodzimmodzi, n'kuima pa Kalisito.

"Aaa! Makutu awa ndikuwadziwa ine. Kalisito!"

"Jelevazio? Tsitsi unasiya kuti?"

"Anadya ana. Iwe ukadali wouma ngati nsungwi, kodi akumakupatsa chakudya kuchikamwiniko?"

Anali mnzake wakumudzi kwawo, wokumba naye mbewa ali ana, amene anakwatira kutali kuno. Anaseka, anamenyana pamapewa. Mkazi wa Jelevazio anayala mphasa ziwiri pansi pa mtengo wa mango, anansi anabwera kudzaona alendo a Mulungu, ndipo malonje anayamba. Anzake asanu aja anapereka awo. Itafika nthawi yake, Kalisito anatambasula miyendo.

"Kwathu ndasiya onse ali bwino, kaya m'mbuyo muno. Tsono titanyamuka kuchigwa..."

"Dikira kaye," anatero Jelevazio. Nkhope yake inawala. "Onse? Ndi Nachisale yemwe?"

Kalisito anati, "Onse."

"Wadzuka? Akuyenda?" Jelevazio anatembenukira kwa mkazi wake. "Amayi, mwamva? Mlongo wake uja ndinkakuuzani, wadzuka!"

Mayiyo anaimba nthungululu. Anansi anaomba m'manja osadziwa n'komwe kuti akuombera ndani.

"Ine ndinali kumudzi mwezi watha, kokamanga chiliza cha malume," Jelevazio anapitiriza. "Ndinamuona ndi maso angawa. Ndinati uyu sadzaimanso. Munthu kugwa m'munda akukolola, dzanja ndi mwendo wakumanzere kufa tsiku limodzi! Ana onse ali ku Joni, mwamuna anamwalira kale. Tandiuza, munapita naye kuti? Kuchipatala chiti? Kuno kulinso mayi wina wodwala zomwezo."

Kalisito anayang'ana mapazi ake. Anthu anadikira. Nkhuku inadutsa pamphasa, palibe anaiingitsa.

Jelevazio anasiya kumwetulira pang'onopang'ono. "Kalisito. Unamuona liti?"

"Papita nthawi."

"Nthawi yanji?"

"Chimwalirire amayi."

Mayi woimba nthungululu uja anadzuka n'kupita kukhitchini. Anansi anayamba kuyang'ana kumbali.

"Anatuma munthu kawiri," anatero Jelevazio, mawu ali pansi. "Anandiuza yekha. Woyamba unamubweza asanatsike panjinga. Wachiwiri anapeza mkazi wako. Ine ndimati pofika lero unapitako. Mwinimbumba ndiwe, wina ndani?" Anapukusa mutu. "Ndiye mphasa yanga mwaikhalira ndi bodza, a Chisale."

Chakudya chinabwera. Kalisito anadya pang'ono. Za chikhadabo sanafotokoze tsiku limenelo.

Pagulu lawo panali mayi wina wa bungwe la amayi, dzina lake Perepetuwa, wodziwa mapemphero onse pamtima. Iyeyu anamuitanira pambali.

"A Chisale, musasokonezeke. Satana amadikira munthu ali pafupi kufika. Kwatsala masiku anayi okha. Mukafike kuphiri, mukanyamule mtanda, mukawapempherere achemwali anuwo pamaso pa ambuye episikopi. Wochiritsa ndi Mulungu, si inu. Inu mukapita kumeneko mukachita chiyani, ndinu dokotala?"

Mawu amenewa anamukomera kwambiri. Anali mawu aukhondo, onunkhira tchalitchi, ndipo ankamulola kuchita chomwe ankafuna kale. Anati, "Mwanena zoona, mayi." M'mawa mwake anamanga bulangete, anatsazika Jelevazio yemwe anangoyankha ndi mutu, n'kunyamuka pamodzi ndi anzake.

Anayenda mpaka dzuwa litakwera. Anzake ankapemphera korona, iye pakamwa pankangoyenda. Chomwe chinkamuvuta sichinali chisoni ayi, ndisakunamizeni. Iye anali akadamukwiyirabe mlongo wakeyo. Chomuvuta chinali mphasa. Madzulo a tsiku lomwelo adzafika pamudzi wina. Adzamuyalira, adzamupatsa madzi, adzaomba m'manja. Ndiye adzanena chiyani? Akati onse ali bwino, anthu asanu awa akhala pomwepo, akudziwa. Dzulo linali bodza la munthu wosafuna kudziwa, lero likhala bodza la munthu wodziwa. Nanga anene zoona? Anayesa kuzinena chamumtima kuti amve mmene zimvekere: kwathu ndasiya mlongo wanga atafa ziwalo, alibe womutungira madzi, anandiitana kawiri, ine ndili pano ndikupita kukanyamula mtanda. Anayesa kuwatembenuza mawuwo uku ndi uku. Sanapeze mbali yomwe angaikhalire pamphasa ya munthu.

Anafika pamphambano pomwe panali mtengo wa mlambe. Njira yakumanja imakwera kupita ku Ndondwe. Yakumanzere imatsika kudutsa m'madambo, masiku atatu kukafika kumtsinje wa Nkhande. Mwambo wakuphiri unali Loweruka, ndipo ili linali Lachitatu. Zonse ziwiri sizikanatheka.

Kalisito anaima. Anzake anapitirira pang'ono, kenako anacheuka.

"Bondo?" anafunsa Perepetuwa.

"Ayi. Pitani."

"A Chisale, masiku asanu onsewa mutaye? Mtanda anyamula ndani?"

"Anyamule amene wasiya kwawo kuli bwino."

Anakhotera kumanzere.

Njira imeneyo inalibe nyimbo, inalibe womuyembekeza. Lachinayi masana anatulukira mumsewu waukulu n'kukumana ndi chomwe ankachiopa: gulu la kwawo ku Kambalame, aja oyambira pakhomo, anthu pafupifupi makumi anayi, mbendera patsogolo, akupita kuphiri. Iye yekha akulowera kumene iwo akuchokera.

"A Chisale! Phiri lili uku!"

"Kodi lasamuka?"

"Masiku asanu ndi anayi aja athera pompa?"

"Asiyeni, machimo awathera m'njira, akubwerera opepuka!"

Anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Mlembi uja anatulutsa cholembera pomwepo n'kukhwatcha dzina lake, onse akuona. Kalisito anapatuka, anaima m'udzu mpaka gulu lonse litadutsa. Mkazi wake anali kumapeto kwenikweni. Sanaseke. Anangomuyang'ana, n'kumupatsa chinangwa chophika chomwe anapatsidwa pamudzi wam'mbuyo, n'kuthamangira anzake.

Lachisanu dzuwa litapendeka pang'ono anafika kumudzi kwawo. Pochokera mbali imeneyo sankafunika kuwoloka, koma iye anazungulira kumunsi kwa minda, anakafika pamlatho, n'kuima pamenepo. Nyumba inali pomwepo, mapazi makumi awiri. Pabwalo panali posasesa. Nkhokwe inali itapendekera. Pakhonde, pa chiguduli, panali mayi atatsamira khoma, dzanja lakumanzere lili pamwendo ngati la munthu wina. Dzuwa linali litalowa pakhondepo, likumuwomba kumaso.

Anaima nthawi yaitali. Masiku asanu ndi atatu anayenda osadandaula, koma mapazi makumi awiri amenewa anamulemera kuposa chigwa chonse. Kenako anayenda.

"Odi."

"Ndakuona kalekale uli pamlatho," anatero Nachisale. Pakamwa panali patapotoka pang'ono koma mawu ankamveka. "Ndimati mwina boma lakutuma kudzawerenga mitengo."

Kalisito anakhala pansi, padothi, m'munsi mwa khonde.

"Wamva kuti ndafa?"

"Ayi, achemwali."

"Nanga wadzatani?"

M'njira monse anali atakonza mawu. Ena opepesa, ena okumbutsa mlongo wake kuti woyamba kulakwa anali iye. Onse anathawa.

"Ndabwera," anatero.

"Ndaona."

Musaganize kuti analira n'kukumbatirana ngati za pakanema. Nachisale sanapepese, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anali mayi wouma mtima, ndipo matenda sanamufewetse. Anayang'ana mapazi a mlongo wake, otupa, omangidwa nsanza, n'kuyang'ana kumbali. Kenako anati:

"Dzuwali landipeza kuyambira masana. Wondisuntha anapita kudimba. Ukhala pamenepo ngati chitsa?"

Kalisito anadzuka. Sankadziwa pogwira. Analowetsa dzanja limodzi kumsana, lina pansi pa mawondo, n'kumunyamula. Anadabwa kupepuka kwake. Mayi amene ankasenza thumba la chimanga yekha tsopano anali ngati mtolo wa mapesi.

"Mwendowo ukukwekwereka, sukuona? Gwira bwino. Kumbali uko, pamthunzi. Osati pamenepo, pali nyerere."

Anamukhazika pamthunzi, n'kumuikira dzanja lija bwinobwino pamwendo. Nachisale anapuma, anatseka maso.

"Mawa udzuke msanga," anatero. "Chimanga chikuthera anankafumbwe m'nkhokwemo."

Loweruka, anthu akukwera phiri la Ndondwe ndi nyimbo, Kalisito anali kutsitsa chimanga m'nkhokwe. Mtanda ananyamula mphunzitsi wina wa gulu lakuchigwa lija, ndipo chithunzi chake anachipachika muofesi ya parishi. Kalisito anakhala kwa mlongo wake mpaka mvula yoyamba, akukangana naye pafupifupi tsiku lililonse. Kuphiri sanafikeko, chaka chimenecho kapena china, pakuti bondo lija linatheratu. Mpaka anamwalira, anthu a ku Kambalame ankamutchula kuti bambo aja analephera ulendo.

Tsono tamverani tanthauzo lake, abale, pakuti mwezi uno ambiri mukufunsana kuti tiyambire pati. Ena mukufuna poyambira pafupi kuti nsapato zisade. Za inu sindinena zambiri, Mulungu ali ndi maso. Ndikunena ndi inu olimba, ofuna kutali, ofuna matuza oti anthu aone. Dzifunseni chomwe mukuzungulira. Munthu atha kuyenda masiku asanu ndi anayi, korona m'manja, nyimbo pakamwa, onsewo akuthawa khomo limodzi. Kumeneko si kupita kwa Mulungu. Ndi kuthawa kovala zoyera.

Mulungu sawerenga mitunda. Zowerenga mitunda ndi za akomiti. Iye akakuyalirani mphasa sadzayamba ndi kuyang'ana mapazi anu. Adzafunsa kumene mwachokera ndi amene mwamusiya kumeneko, ndipo Iyeyo ndi wakumudzi kwanu, anali komweko dzulo, simungamuuze kuti onse ali bwino.

Aliyense wa inu ali nalo khomo lake. Pamene ndikulankhula pano mwaliona kale m'mutu, musandiyang'ane ngati simukudziwa. Mwina mwini khomolo ndiye anakulakwirani. Mwina sadzapepesa. Zilibe kanthu. Ulendo wanu uyambire pamenepo. Mukaimapo n'kunena odi, mwauyamba, ngakhale phiri musadzalione. Mukapazungulira, kwerani Ndondwe kakhumi, simunanyamuke.